Pulopela ya Malemu Bambo a Sandvik

M'tauni yathu ya ku Minnesota, aliyense amene anali ndi ndege yakale ankadziwa khomo la a Elwood Brandvold. Kwa zaka makumi asanu iwo ankayeza mapulopela a matabwa, zipalasiro zija zozungulira kumphuno kwa ndege, m'kashedi konunkha guluu ndi khofi wopserera. Ankayamba ndi manambala odindidwa pakati, kuti adziwe amene anasema pulopelayo. Kenaka ankaona ngati mabowo a mabawuti ada ndi kutentha, ndiponso ngati chitsulo cha m'mphepete chikugwedera. Pomaliza ankagogoda thabwalo ndi chigwiriro cha mpeni, atatchera khutu. Lolira momveka linali lamoyo. Lolira mogonthera linali litamatuka m'kati. Pulopela yotero ankaidula nsonga ndi sowo, kuti wina asadzauluke nayo mosadziwa.

Chaka china, chimanga chitangokololedwa, kunafika a Merle Sandvik, mnzawo wa paubwana, atanyamula pulopela ya malemu bambo awo, yonyezimira ngati uchi. Ankafuna kuuluka nayo pamsonkhano wapachaka wa oyendetsa ndege akale, ulendo wawo womaliza asanabweze chiphaso choyendetsera ndege chifukwa cha vuto la maso.

Atafunsidwa kumene inkasungidwa, a Sandvik anayankha monyadira kuti inaimikidwa pabalaza, pafupi ndi mbaula, kwa zaka makumi atatu, ndipo ankaipukuta Loweruka lililonse. Tonse amene tinalipo tinawerama. Pulopela imagonekedwa chopingasa pamalo ozizira. Ikaimikidwa chinyezi chimatsikira mbali imodzi, ndipo moto umafooketsa guluu.

A Brandvold anagogoda kawiri kokha.

"Yafa iyi, Merle."

"Afa ndi makutu akowo, nkhalamba iwe. Kutchalitchi ife timayimba nyimbo ina, iwe ina."

"Gogoda wekha, tione ngati ukalamba wakusiyirako kanthu."

A Sandvik analandira mpeniwo nayamba pakati, kunka kunsonga. Atafika pamene kulira kunasintha, dzanja lawo linaima. Anakumbutsa mnzawoyo kuti pulopela imeneyi ndiyo inawakweza kumwamba onse awiri ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, atapanikizana pampando umodzi, ndipo anapempha kuti awalole kuzungulira nayo bwalo kamodzi kokha. A Brandvold anati akulikumbukira bwino tsikulo, koma ananyamulapo kale mabokosi a maliro a anzawo awiri amene anapempha kamodzi kokha, ndipo msana wawo sungapirirenso lachitatu.

Anawalonjeza kuwabwereka pulopela ina yabwino. A Sandvik anati yobwerekayo akaulukire nayo eni ake, pakuti iwo sanabwerere zimenezo. Anasisita thabwalo. Kenaka anavula jekete, nagoneka pulopelayo pabenchi, naigwira ndi manja onse awiri.

"Dula pang'ono pokha, Elwood. Ndipo udule mowongoka, bambo ankadana ndi ntchito yokhota."