Chala cha bambo pa chithunzi cha phiri

Mwaswera bwanji nonse.

Lero kwabwera mayi ena ochokera ku Blantyre, osonkhanitsa zojambula. Anamva pa Chitakale kuti malemu bambo ankajambula phiri la Mulanje akaweruka ku esiteti ya tiyi.

Amayi athu anawaonetsa chithunzi chonyezimira cha m'galasi chili pabalaza chija, chimene achimwene anakasindikiza m'tauni. Mlendoyo akuti imeneyo ndi kope ya makina, atha kutulutsa zambirimbiri zofanana. Iwo akufuna chenicheni, chojambulidwa ndi dzanja.

Chenichenicho mukudziwa kumene chinali? Amayi anatsekera zenera losweka la chipinda cha chimanga, ati n'chokhakhala, sichikongola ngati chinzake.

Titachipukuta fumbi, mlendoyo anandiuza kuti ndichisisite. Penti ngotumphuka m'mizere ya tiyi, ndipo pakona padinda chala cha bambo, chachikulu chopindika chija. Amayi anaikapo chala chawo, n'kuseka mpaka misozi: "Bambo anuwa, kusamba m'manja kunkawavuta."

Mlendoyo akufuna kugula chenichenicho, ndiye amayi akuti ndikufunseni. Ine ndanena kale kuti atenge cha m'galasicho, chala cha bambo sichichoka pakhomo pano. Inu mukuti bwanji?