Mzere umene sitiimba

Ndiyamba ndi kuyamika Mulungu amene anandipatsa makutu asanandipatse mawu, amenenso wandisunga mpaka imvi pamene anzanga ambiri a m'kwaya anagona kale. Ndine mlimi wa chimanga ndi nandolo kufupi ndi Mbulumbuzi, ndipo chilichonse chimene ndikudziwa pa nkhani ya nyimbo ndinachiphunzira nditaima pambali pa mng'ono wanga.

Zidzukulu zikandifunsa nyimbo imene ndimaikonda koposa, zimayembekeza kuti nditchula ya pa wailesi. Za pa wailesi ndinazikondadi. Chaka chimene tinavota koyamba zipani zitachuluka, alamu anga, amuna a mng'ono wangayo, anabwera ndi wailesi ya kaseti kuchokera ku Limbe kumene ankagwira ntchito ya ulonda. Munali kaseti ya magitala, ya nyimbo zachikondi, imene akulu a mpingo akanaimva akanatiitanitsa. Tinkaimvera motsitsa tikupeta nandolo kuseri kwa nyumba. Mabatire akafooka, woimbayo ankakoka mawu ngati munthu wochokera ku mowa, ndipo mng'ono wanga ankamutsanzira mpaka ine kutaya lichero ndi kuseka. Kenako tinkayanika mabatirewo padzuwa kuti apezenso mphamvu.

Koma kaseti imaimba yokha. Ukanyamuka kupita ku mjigo imapitirira osakusowa. Ine nyimbo imene ndimati yafikapo ndi imene singathe popanda mnzako, imene ili ndi malo ake a munthu.

Yotere inalipo imodzi m'kwaya yathu ya amayi, ndipo anaipeka ndi mng'ono wanga akupalira. Sinalembedwe paliponse. Ine ndinkayambitsa, pakuti mawu anga ndi otsika, ndipo ndinkati mwana watopa panjira. Amayi onse ankavomera kuti khomo la Atate laoneka. Pamenepo tonse tinkaleka, kupuma mpweya, ndipo iye yekha ankakwera ndi mawu ake opyapyala aja: "Ndikubwera, tsegulani." Akangotsika, tonse tinkalowa pamodzi mwamphamvu. Mzere umenewo palibe wina anauimbapo. Panalibe chifukwa, mwini wake ankakhalapo nthawi zonse.

Zaka zimenezo tinaiimba kwambiri nyimboyi, chifukwa matenda aja anali atalowa m'midzi yathu. Yunifolomu ya kwaya sinkauma bwino isanavalidwenso. Tinaperekeza aphunzitsi, ogulitsa tomato, atsikana amene tinawaona akubadwa. Tinaperekezanso alamu anga, ndipo tsiku limenelo mng'ono wanga anakhala pamphasa ndi anamfedwa, osaimba, monga mwa mwambo wathu. Wofedwa saimba, amaimbiridwa. Nyimbo yake sitinaikhudze tsikulo.

Nyengo ya mvula itadutsa kawiri, nayenso anayamba kutsokomola. Ndinkamukweza pa njinga kupita naye kuchipatala cha ku Mbulumbuzi, ndipo ulendo uliwonse njinga inkapepukirapepukira. Ndinapemphera monga mayi wamasiye wa m'Baibulo uja amene sanaleke kugogoda, ndinasala kudya, ndinakangana naye Mulungu m'munda. Iye anandiyankha m'njira imene sindinaifune.

Tsiku lina masana ndikumusambitsa mng'ono wangayo, anandigwira dzanja nati, "Achemwali, tsiku langa mudzayambitse ndinu. Enawo amayambira pamwamba ngati akuingitsa mbalame m'mapira."

Ndinamukalipira kuti asiye kulankhula zoterozo, ndipo ndinamukumbutsa kuti ine ndidzakhala namfedwa, sadzandilola.

"Mudzawauze kuti mwini maliro ndiye analamula," anatero, n'kuseka mpaka chifuwa chinamugwira.

Ndinalonjeza. Sanathe mwezi.

M'mawa wa tsiku loika, ndinauza amayi otsogolera kwaya zimene ndinalonjeza. Anakana mwaulemu, akuti mawu adzandithera panjira ndipo ndidzachita manyazi pamaso pa anthu. Azakhali anga anakana mwaukali, akuti anthu adzati sindinamve chisoni. Ndinangobwereza mawu a malemuwo. Pamenepo amayi otsogolera aja anavula mpango wawo wa kwaya n'kundimanga kumutu.

Tinanyamuka dzuwa lili pamutu, m'nyengo yotentha ija mvula isanayambe. Njira ya kumanda kwathu imadutsa m'minda ya nandolo, ndipo nandoloyo anali atauma, akulira yekha ndi mphepo. Mantha anga onse anali pa mawu anga, kuti kodi atuluka. Ndinati mumtima, Ambuye, ndibwerekeni mpweya wa mzere umodzi wokha. Ndinayambitsa pansi, monga ankafunira. Mawu anatuluka, onjenjemera koma athunthu. Amayi anavomera kuti khomo laoneka. Kenako tonse tinaleka, monga tinazolowera, kudikira kuti akwere.

Palibe mmodzi wa ife anali ataganizapo kuti mzerewo adzaimba ndani. Tinakangana za woyambitsa m'mawa wonse, koma za ichi ayi. Matupi athu anangochita zimene ankachita zaka zonse. Amayi onse aja anapuma mpweya nthawi imodzi, n'kumusiyira malo ake.

Ndinamva mapazi a anthu pafumbi. Ndinamva bokosi likukhudzana ndi mapewa a olinyamula, ndi nandolo uja akulira m'munda. Palibe anayesa kulowapo. Ndipo nthawi ya mzere wake itakwana ndendende, osafulumira kapena kuchedwa, tonse tinalowa pamodzi, ngati kuti tamumva akutsika. Azakhali anga, amene samaimba n'komwe, anagwada m'njira momwemo, ndipo anthu anachita kuwadzutsa.

Tinaibwereza nyimboyo mpaka kumanda, ndipo paliponse pofika pamenepo tinkamudikira.

Patapita nthawi mankhwala otalikitsa moyo anafika m'boma lathu, ndipo ambiri amene tinkati tiwaperekeza alipo mpaka lero, akulima. Ndimayamika chifukwa cha iwo. Sindibisa kuti ndinafunsanso Mulungu chifukwa chimene sanamusungire pang'ono pokha, ndipo yankho sindinalilandirebe. Ana ake ndinawalera ine.

M'kwaya munabwera atsikana a mawu okoma, ena okwera kuposa iye. Wina anapempha kuti aphunzire mzerewo, ndipo amayi otsogolera anati afunse ine. Ndinamuuza kuti mawu ake ndi abwino, ndipo ndinamupatsa nyimbo zina. Iyi timaiimbabe chomwecho, ndi malo ake opanda munthu. Alendo amaganiza kuti taiwala. Ine pamenepo ndimatseka maso, chifukwa ndikudziwa kuti amene ankapempha kuti amutsegulire anamutsegulira.

Inu amene mwawerenga, Ambuye akupatseni anthu oima pambali panu poimba. Akupatseni mpweya pa tsiku limene mudzayenera kuyambitsa muli ndi misozi. Ndipo pamene mawu a wokondedwa wanu adzasowa, Iye mwini akhale nanu m'kachetechetemo kufikira mutalowanso pamodzi. Ameni.