Simbi ya Makala ya Winnie

Inu amene mwadzuka lero mtima uli pansi chifukwa abwana akuuzani kuti mumangowadyera ndalama, pumani kaye mumve za Winnie.

Tsiku lina mu Novembala, dzuwa likuswa mtengo, Winnie anaima m'mbali mwa msewu pa Mfuwe atanyamula jumbo. M'jumbomo munali madiresi awiri, chitenje ndi mswachi. Pasipoti yake munalibe. Inatsala m'kabati ya madamu amene anali atangomuthamangitsa. Popanda kabukuko sakanatha kuwoloka malire kubwerera ku Chikwawa, kumene anasiya mwana wake Becky, wa zaka zisanu ndi ziwiri, m'manja mwa mchemwali wake.

Madamuwo anali a Dora. Anachokera ku Lusaka pamene amuna awo, a Hector, anapatsidwa ntchito yoyang'anira loji ina m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa. Atafuna wantchito wogona pakhomo, anzawo anawalangiza kuti atenge wa ku Malawi. Akuti ndi otchipa, sapempha tchuthi cha maliro mwezi ndi mwezi, ndipo Lamlungu alibe kopita. Nzeru imeneyi ndimaimva kawirikawiri, ndipo nthawi zonse imandinyansa.

A Dora anali ndi kope lofiira. Basi imene Winnie anakwera pobwera inalembedwamo. Sopo analembedwamo, shuga wa m'tiyi, matiresi ogonapo, kapu imene mphaka anagwetsa, ngakhale ndalama za chilolezo cha ntchito chimene Winnie sanachionepo ndi maso. Malipiro anali K900 ya dziko lino pa mwezi, koma kope lija likatsegulidwa, wogwira ntchito ndiye ankapezeka ndi ngongole.

Zonsezo Winnie anapirira kwa miyezi isanu. Chimene chinawayambanitsa ndi simbi.

Winnie anakulira kuchigwa kotentha ngati kuno, ndipo ankaidziwa ntchentche ija imene imaikira mazira pa zovala zonyowa zoyanika panja. Munthu akavala osasita, mazirawo amaswa, timphutsi n'kulowa m'khungu. Choncho iye ankasita chilichonse, masokosi, zamkati, matewera a Given khanda la madamu, kunja ndi mkati, m'misoko momwe.

"Iwe Winnie, ni ndani amasita matewera?" anakalipa a Dora. "Mayuniti ya malaiti yasila mu wani wiki chabe! Uganiza ndalama nimatola pa msewu?"

"Madamu, kuno ndi kuchigwa. Chosasita mwana sindingamuveke."

"Manje iwe ndiwe uzaniphunzisa kulela mwana wanga?"

Anamuletsa. Winnie anangoti chabwino, koma madamu akachoka ankayatsa simbi ndithu. Tsiku limene anamupezerera ndi tsiku limene anamutulutsa pageti.

"Uli na nkongole ya firii sauzande sikisi handiredi," anatero a Dora, akugogoda kope lija ndi chala. "Ukabweza, uzatenga pasipoti yako."

Winnie anayankha molimba mtima. "Ngongole imene sindinakongole sindibweza, madamu. Koma kabuku kanga ndidzakatenga."

Kunena n'kosavuta. Pofika masana anali akadali pamsewu paja, njala itamugwira, misozi ikuuma yokha pamasaya.

Tsidya la msewu panali mayi wina wa mtundu wa Chikunda, a Harriet, wogulitsa tomato ndi nsomba zouma pamsika. Anamuyang'ana mpaka mtima unawakanika, ndipo anawoloka.

"Mwaswera bwanji, mwana wanga? Kuyambira teni awazi muli pano, mabasi atatu akupitani. Mudikira ndani?"

Winnie anafotokoza zonse. A Harriet sanamulirire. Anangofunsa funso limodzi.

"Manja anuwa adziwa chiyani?"

"Kuchapa ndi kusita, amayi. Basi."

"Mukuti basi? Kuno aliyense wa ku maloji avala yunifolomu. Tiyeni kunyumba."

Anamupatsa mphasa m'chipinda chosungira matumba a chimanga, ndipo pansi pa bedi anatulutsa simbi ya makala ya malemu amuna awo amene anali telala. Inali yadzimbiri, yokhala ndi katambala kotsekera pamwamba. Winnie anaikwecha ndi mchenga tsiku lonse, n'kuika tebulo pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika.

Musaganize kuti zinayenda pomwepo. Kasitomala woyamba anali a Luckson, amene amaperekeza alendo kukaona nyama m'nkhalango. Khala linathothoka m'simbi n'kuboola malaya awo pamsana penipeni. Pamsika anaseka mpaka kugwira nthiti. "Ndiye ukatswiri wa ku Malawi umenewo?" Winnie anachita manyazi oti nthaka ing'ambike alowemo, koma m'mawa mwake anabweranso pa tebulo lija. Anawasitira a Luckson mwezi wathunthu osalandira kanthu, ndipo anaphunzira kuuzira phulusa kutali asanaike simbi pa nsalu.

A Luckson atafika kuntchito mizere ya thalauza ili chilili, anzawo anafunsa. Anabwera operekera zakudya, anabwera ophika, anabwera alonda. Mvula itayamba, zovala zinkakana kuuma, ndipo Winnie ankazithamangitsira pakhonde kasanu pa tsiku. Zala zinatupa ndi matuza. Ndalama yochepa imene ankapeza ankaigawa patatu, ya makala ndi sopo, ya chakudya kwa a Harriet, ndi ya Becky imene ankatumiza kudzera kwa mayi wina wa geni.

Katatu konse anapita kukagogoda pageti la a Dora. Katatu konse anauzidwa kuti madamu akupuma.

Khirisimasi inadutsa. Pafoni Becky anafunsa, "Amayi, munati mubwera mango akapsa. Mango atha." Winnie atadula foni anakhala pansi pa tebulo lija n'kulira ngati wamva uthenga wa maliro.

A Harriet ndi a Luckson anamumvera chisoni. Anati asonkhe ndalama ija, akalipire, nkhani ithe. Kupolisi Winnie ankaopa chifukwa masiku ake okhalira m'dziko anali atatha kale, ndiye njira yachidule inali yomweyo. Koma anakana.

"Ndikalipira ndiye kuti ndavomera kuti ndinawadyera. Ine ndinagwira ntchito, amayi. Mwana wanga asadzamve kuti mayi ake anagula pasipoti yawoyawo."

Ena anati ndi makani opanda pake. Kunena zoona, ine ndikanalipira. Winnie sanalipire.

Mu Febuluwale, masana ena msika utadzaza, galimoto loyera linaima mwaukali pafupi ndi mtengo wa mango. Anatuluka a Dora, tsitsi lili nyankhalala, atanyamula Given amene ankalira mosatonthozeka. Pamsana ndi m'matako mwa mwanayo munali zithupsa zofiira zoposa khumi.

"Ni uyu!" anakuwa a Dora, akuloza Winnie. "Ananiuza ati nizaona! Wamuchita chani mwana wanga, mfiti iwe?"

Mawu amenewo ndi oopsa kwa aliyense, nanji kwa mlendo wopanda mbale, wopanda mapepala. Anthu anayamba kusendera pafupi.

Winnie anaika simbi pamwala. Anapukuta manja pa chitenje, n'kuyang'anitsitsa zithupsa zija. Chilichonse chinali ndi kadontho kakuda pakati.

"Chichokereni ine, matewera mumasita?"

Kenako anatembenukira kwa a Harriet.

"Amayi Harriet, ndibwerekeni mafuta odzola aja a m'botolo, olimba aja."

Anamata mafuta pa chithupsa chimodzi mpaka kabowo kanatsekeka. Anadikira. Anthu anadikira naye. Patapita nthawi kamutu koyera kanayamba kusuzumira kufuna mpweya. Winnie anafinya pang'onopang'ono m'mbali, ndipo mphutsi yonenepa inagwera pa chikhatho chake ikuphiriphitha. Anaikweza m'mwamba kuti aliyense aone.

"Mfiti yanu ndi iyi, madamu. Imalowera pa chingwe choyanikira. Mwanayu mupite naye kuchipatala lero lomwe akamuchotse bwino zotsalazo."

Amayi a pamsika anaombera m'manja, ena akuseka. "Mphutsi chabe! Kuno ngakhale mwana aidziwa!" A Harriet ndiye anamaliza, "Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Inu munakataya chifukwa cha mayuniti."

A Dora anagwa nkhope. Mawu anatsika, anasanduka aulemu mwadzidzidzi. "A Winnie, bwelani kunyumba. Nkongole yonse nafafaniza. Nizaikilako na handiredi pamwamba. Pasipoti muzaipeza kwamene kuja."

Apa ndi pamene ambiri timagwera. Denga labwino, chakudya chotsimikizika, ndiponso kabuku kaja. Winnie anapukusa mutu.

"Simungafafanize ngongole imene kunalibe. Ndipo pasipoti si malipiro a ntchito, ndi yanga. Munanditcha mfiti pamaso pa anthu awa, ndiye ibwere pompano, pamaso pa anthu omwewa."

Palibe amene anauza amayi a pamsika chochita. Anangonyamula madengu awo a tomato n'kukhala pansi kutsogolo kwa galimoto lija, akucheza ngati palibe chachitika. A Dora anaimbira foni amuna awo. Isanakwane fifitini awazi, a Hector anafika panjinga yamoto, thukuta lili kamukamu, n'kupereka kabukuko ndi manja awiri osayang'ana munthu kumaso.

Winnie anakatsegula, anaona chithunzi chake, anakapsompsona, n'kukamanga m'chitenje. Kenako anatembenukira kwa a Dora.

"Zovala za Given muzibwera nazo. Mwana alibe mlandu. Mtengo wake ndi womwewo umene aliyense amalipira."

Ndipo ankabwera nazodi, Lolemba ndi Lachisanu. Amene amadziwa masamu amati pakutha pa mwezi a Dora ankalipira zoposa K900 ija pa kuchapa ndi kusita kokha, kuphika ndi kusesa akuchita okha, osawerengera za kuchipatala. Wantchito wotchipa uja anawadulira chomwecho.

Sabata yotsatira Winnie anapita ku Chipata limodzi ndi a Harriet. Anakafotokoza nkhani yake ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka, analipira chindapusa cha masiku opitirira, ndipo chimenecho sanachikane chifukwa chinali choona. Anawoloka malire pa Mwami. Atafika ku Chikwawa, Becky anamuona ali patali, anataya ndowa n'kuthamanga. Anamukumbatira m'chiuno osafuna kumusiya, ndipo mayi ndi mwana analira mpaka oyandikana nawo anatuluka m'nyumba.

Mapepala anamutengera miyezi yambiri ndi maulendo otopetsa, koma anabwerera ku Mfuwe mwalamulo, Becky ali pambali. Lero pansi pa mango paja pali shedi ya malata, simbi zisanu ndi imodzi, ndi amayi atatu amene amagwira ntchito ndi Winnie ndi a Harriet. Aliyense amaweruka sikisitini awazi kupita kwawo, ndipo chitupa cha aliyense chimagona m'chikwama cha mwini wake. Simbi ya katambala ija ikugwirabe ntchito.

Tsono inu amene wina wakutsegulirani kope n'kukuwerengerani sopo ndi shuga ngati ndinu katundu wowonongetsa ndalama, musavomere kuti mtengo wanu ndi umenewo. Chimene akukunyozerani lero mwina ndi chomwecho chimene adzachifune mawa akulira. Chigwireni, chichiteni bwino, ndipo chanu musachigule kwa munthu amene anakulandani. Osataya mtima, ndipo osagwada. Uzirani makalawo, simbi itenthe.