Chaka Chimene Bambo Anameta Dziwe

Ndikakumbukira nyengo yathu yoyamba yotentha ku Lawrence, ndimamva kulira kwa chikwakwa cha bambo. Anabwera nacho m'sutikesi kuchokera ku Malawi, chokulungidwa m'chitenje cha mayi, ndipo chinakhala zaka zambiri kuseri kwa chitseko chifukwa kufulati kwathu kunalibe chotchetcha. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu pamene tinasamukira ku Lawrence, m'nyumba yathuyathu. Kuseri kwake kunali dziwe lolandira madzi a mvula ochokera m'misewu ndi pa kapinga wa nyumba zoyandikana. M'mbali mwake munali bango lalitali kuposa bambo, pamadzi pali akakombo, achule akulira mosatopa.

Bambo anali ataitana anzawo a kutchalitchi a ku South Bend kuti adzapempherere nyumbayo, ndipo ankafuna kuti alendowo adzadyere panja akuyang'ana madzi. Kwa iwo, tchire pafupi ndi khomo linali chizindikiro cha ulesi. "Azungu awa ali ndi zonse," ankatero, "koma kulambula sadziwa."

Akaweruka kuchipatala kumene ankagwira ntchito, ankavala kabudula n'kutsikira kudziwe. Anatchetcha bango lonse la mbali yathu, nazula mizu, nakoka akakombo ndi chingwe. Ine ndinkatuta zinyalala, matope akununkha mpaka m'tsitsi. Dziwe linatsala mbee, ngati mutu wa mwana wometedwa mpala.

Oyamba kuthokoza anali atsekwe. Poona kuti mpanda wachoka, anakwera ndi mabanja awo n'kusandutsa kapinga wathu chimbudzi. Kenako aneba anathira feteleza pa kapinga wawo, mvula yamphamvu inagwa, dzuwa linaswa mtengo. Madzi anayamba kubiriwira. Ndere zinaphimba pamwamba ngati phala la masamba, tinsomba tinayandama mimba zili m'mwamba, ndipo fungo la mazira owola linalowa mpaka m'makatani. Mayi ankapopera mankhwala onunkhiritsa m'nyumba, maso ali pa bambo.

Loweruka la alendo linafika. Bambo anaikabe mipando panja. Abusa anayamba pemphero mwamphamvu, koma mphepo itatembenuka anafika pa ameni mofulumira kuposa masiku onse. Tsekwe wina anaima pambali pawo ngati mkulu wa mpingo.

Anti Chisomo, mlongo wawo wa bambo amene ankaphunzira za zamoyo ku yunivesite ku South Bend, anatseka mphuno ndi mpango. "Achimwene, tadraiva mtunda wonsewu kudzanunkhiza izi? Bango lili kuti?"

"Ndinakonza," anatero bambo, akuloza ndi chibwano.

"Mwachotsa sefa! Bango lija limamwa feteleza asanalowe m'madzi. Inu mwaitana ndere kuphwando."

"Kwathu bango timalukira mphasa."

"Ndiye mphasayo ili kuti?"

Alendo anaseka mpaka abusa anatsamwa. Tonse tinanyamula mbale kulowa m'nyumba, n'kutseka mawindo.

Sabata yotsatira bambo ananditenga kusitolo ya mbewu. Anasankha timiphika ta bango ndi udzu wa m'madzi, nkhope ili gwaa. Tili pamzere wolipira anawerama n'kundinong'oneza: "Iwe, agogo ako akaimba foni, usadzayerekeze kuwauza kuti ndagula bango." Tinalibzala limodzi m'matope, atsekwe akutiyang'anira.

Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira kuti dziwe linakwiya chifukwa chometedwa mosafuna, monga ndinkakwiyira ine mayi akandipesa mwankhanza. Tsopano ndili ku sekondale, ndipo ndaphunzira kuti mizu ija imagwira dothi, imasefa zonyansa za mumsewu, ndi kumwa chakudya chimene chikanalera ndere. Zimene ndaphunzirazi n'zoona. Komabe ndikaima pakhonde n'kuona nsomba zikusambira pansi pa akakombo amene anameranso, sindiona kuti mwana wa zaka zisanu ndi zitatu uja analakwitsa kwambiri.