Mai Kolopa ndi thanki ya madzi akuda

Mai Kolopa anakolopa ku yunivesite zaka khumi ndi zisanu, mpaka dzina lawo lenileni anthu analiiwala. Mwamuna analibe, anamuthamangitsa okha ndi chitsulo cha bedi. Ntchito imeneyi ndiyo inkadyetsa iwo ndi mayi awo opuwala miyendo, ndiye ankaigwira ngati dzira.

M'chipinda chapansi munali thanki yagalasi, kutalika kwake anthu atatu kugona mondondozana. Bwana wa m'menemo, injiniya wina wake ankamuti Wandevu, ankawalitsa nyali yobiriwira mbali ino, kuwalako n'kudutsa m'madzi kukafika mbali inayo. Akuti ndi mmene makina a pansi pa nyanja azidzalankhulirana popanda waya. Koma m'nyanja muli mchere, matope ndi ndere. Ndiye Wandevu anatha miyezi iwiri akuthira zimenezi pang'onopang'ono, kuyeza, kulemba pa kompyuta, kuti aone pamene kuwala kumafera. Mai Kolopa palibe anawauza. Wokolopa amauzidwa chiyani?

Lolemba lina analowa m'mawa, fungo guu.

"Anthu ophunzira, uve chonchi?"

Anatsegula mpopi wapansi, madzi onse ulendo wa mu ngalande. Anakwecha galasi ndi sopo mpaka mbee, n'kudzaza madzi oyera.

Wandevu atalowa anathamangira pa thanki.

"Wachita izi ndani?"

"Ndine, bwana. Taonani kuyera kwake, mukhoza kumwa."

Khofi linamveka mpaka pakhonde. Lachiwiri linawagwetsera pa tebulo, mlomo n'kung'ambika, magazi chuchuchu pa yunifolomu. Ali pansi, Wandevu anawaponda dzanja ndi nsapato.

"Mbuzi iwe! Miyezi iwiri! Uchoke lero lomwe!"

Mai Kolopa anaona kuti ntchito yapita basi, palibenso chosunga. Anadzuka, mtengo wa mopu m'manja, n'kumukhoma nawo pamphuno. Kachiwiri m'nthiti. Wandevu anagwera chagada pa thanki, galasi phwaa, madzi ndi magazi kusefukira mpaka kuchitseko.

"Nayo nyanja yanu, bambo. Sambirani."

Alonda anawakokera Mai Kolopa panja ngati thumba. Akuluakulu atakhala pansi anati inde bwana analakwa, koma thanki ndi yodula. Wandevu madokotala anamusoka kumsana komwe galasi linamucheka, mpaka lero akadali pompo ndi nyali yake. Mai Kolopa pano amachapa zovala m'makomo mwa anthu, chala chimodzi chokhota, ndipo mayi awo amadya tsiku limene zochapa zapezeka.