Udzu wa m'botolo la bambo

Ndinali ndi zaka khumi pamene mwini nyumba yomwe tinkachita lendi ku Clondalkin, kuno kudziko la azungu, anaigulitsa, ife n'kukapanikizana m'chipinda chimodzi cha hotela, anthu anayi. Nsomba zathu zoweta tinapatsa aneba, poti kuhotelako sankalola ziweto. Bambo anangopulumutsa kanthambi ka udzu wa m'madzi umene nsombazo zinkabisalamo, n'kukaika m'botolo la jamu pazenera.

Udzuwo moyo wake wonse unali pansi pa madzi. Masamba ake opotana ankazungulira tsinde, ndipo ukangouvuula unkalefuka ngati bonongwe wofutsa. Dzuwa likawala, unkatulutsa tithovu ting'onoting'ono. Bambo akaweruka kuntchito yawo yosamalira okalamba, ankathamangira pazenera nsapato zili kuphazi.

"Chifundo, bwera udzaone, ukupuma," ankandiitana motero.

Tsiku lina aphunzitsi anationetsa chithunzi cha udzu womwewo. Anati unachokera kumwera kwa Africa, ndipo kachidutswa kake kakagwera m'nyanja kapena m'ngalande kamaphuka n'kudzaza ponseponse, mpaka zomera zakuno zimafa posowa kuwala. Mnyamata wina kumbuyo kwanga ananong'ona kuti, "Ngati inuyo, mwatithera nyumba." Anzanga anaseka.

Nditafika kuhotela, ndinakhuthulira udzu uja m'bini. Bambo atapeza botolo lili mbee, ndinawalalatira m'Chingerezi zonse za kusukulu, ngati kuti olakwa anali iwo. Ndinkayembekezera mbama, koma anangokhala pabedi.

"Wachita bwino kuti sunakautaye m'ngalande, aphunzitsi akowo akunena zoona," anatero. "Koma mwanawe, udzuwu sunakwere wokha ndege."

Kenako anatokosa kachidutswa kamene kanakanirira m'mbali mwa botolo, n'kuthiramo madzi. M'mawa botololo panalibe pazenera. Ndinasangalala, ndipo ndi chisangalalo chimenecho chomwe chimandichititsa manyazi mpaka lero.

Ndinadzamva kwa mayi, nditakula kale, kuti bambo analitengera kuntchito, n'kupempha kamalo pazenera la chipinda chopumulira antchito. Udzuwo unaphukanso, ndipo ankauonera konko pa nthawi ya tiyi.

Tsopano ndikumvetsa kuti pa zonse za m'nyumba ija, chamoyo chimene bambo anatsala nacho chinali kanthambi kameneko. Eni nyumba anatisamutsa ife, ine n'kusamutsanso kanthu kawoko, ndipo iwo anakachotsa mwakachetechete kuti mwana wawo asachite manyazi. Tinadzapeza nyumba ya mazenera ambiri, koma botololo sanabwerere nalo.