Loto Limene Sindinalote

Tsiku limenelo Nairobi inadzuka ndi nkhungu, ndipo mahutala a maminibasi otchedwa matatu a ku Westlands ankamveka ngati akuchokera pansi pa madzi. Mwana wanga Yamikani anandiuza kuti akufuna kusiya yunivesite.

"Bambo, mayeso a satifiketi ya netiweki ya makompyuta ndi ovuta kuposa a digiri, koma ntchito imapezeka msanga."

Mfundo zomutsutsira ndinalibe. Choncho ine, mkulu wa mpingo, ndinanama. Ndinati malemu mayi ake anandibwerera kutulo akulirira digiriyo. Ndinkanena izi ndikuyang'ana mpando wawo wopanda munthu.

Patapita masiku, mlongo wake Tadala anandiimbira kuchokera ku koleji.

"Bambo, ndawalota Amayi. Akufunsa kuti mukuwanamiziranji."

Yamikani, ataima pakhomo, anati nayenso walota zomwezo.

Ndinagwada, ndinaulula bodza langa, ndinamulola kulemba mayesowo. Sabata yonse ndinkayenda monyang'ama m'nyumba mwanga momwe, ngati mbala.

Yamikani atakhoza, awiriwo anavomera kuti anachita kupangana za maloto awowo.

"Tinadziwa pomwepo," anatero Tadala. "Amayi sakanalirira pepala, Bambo."

Ndinawakhululukira.